Nyumba Zoyenda pa Matayala: Mbiri ya Kalavani mu Lusaka

Kalavani ndi ngolo yomangidwa ngati kanyumba, yokhala ndi bedi, pophikira, kabati, mwinanso kachimbudzi, ndipo imakokedwa ndi galimoto. Mbale wake ndi galimoto yogonamo, imene injini, chiwongolero ndi chipinda zili m'thupi limodzi. Mu Lusaka zinthu ziwirizi si zambiri, koma si zachilendonso. Zimaoneka pa Kafue Road ndi pa Great East Road zili ndi manambala a ku South Africa, Germany kapena Netherlands. Zimaoneka kuseri kwa mipanda ya ku Woodlands ndi ku Kabulonga zitakhazikidwa pa njerwa, ndiponso m'mbali mwa misewu ya ku Kabwata ndi ku Chelstone zikugulitsa tchipisi ndi nkhuku. Kalavani inabwera mumzindawu kudzasangalatsa anthu ochepa, koma inakhazikika itasanduka chida cha ntchito. Lamulo limaiona pawiri: ikakhala pamsewu ndi galimoto, ikaima nthawi yaitali pamalo amodzi imayamba kuwerengedwa ngati nyumba kapena sitolo. Eni ake ambiri amene amagwa m'mavuto amakhala atasamala mbali imodzi n'kuiwala inayo.

Njanji yochokera ku Livingstone inafika pamalo pamene pali mzindawu mu 1905, ndipo kasiteshoni kanatenga dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, Lusaaka. M'zaka zotsatira kunabwera alimi achizungu, ambiri mwa iwo Mabunu ochokera kummwera, pa ngolo zazitali zokokedwa ndi ng'ombe zofika 16. Ngoloyo inali ndi denga la chinsalu cholimba. Banja linkagona m'katimo, antchito ankagona pansi pake, ndipo moto wophikira unkasonkhedwa pambali. Banja likapeza munda, ngolo yomweyo inkakhala nyumba mpaka njerwa zitaumbidwa. Pamene komiti yoyamba yoyendetsa kamudzi ka Lusaka inkakhazikitsidwa mu 1913, ngolo zoterezi ndizo zinkabweretsa chimanga ndi laimu kusiteshoni.

Kum'mawa, cha ku Luangwa, ng'ombe sizinkatha kudutsa chifukwa cha kashembe. Kumeneko mzungu wa boma akamayendera midzi, nyumba yake inkayenda pamitu ya anthu. Tenti, bedi lopinda, bafa, tebulo, mipando ndi mabokosi a chakudya zinkasenzedwa ndi amtengatenga, iye ali pa machila kapena pa njinga. Madzulo zonse zinkatsitsidwa n'kukonzedwa pansi pa mtengo, m'mawa n'kumangidwanso. Ambiri mwa osenzawo ankatero pofuna kupeza ndalama ya msonkho, ndipo ena ankachita kutengedwa mokakamiza kudzera mwa mafumu. Mbiri ya kuyenda ndi nyumba m'dziko la Zambia siyenera kufotokozedwa popanda kutchula makosi a anthu amenewa.

Ku Ulaya nkhani inayamba mwamtundu wina. Mu 1885 dokotala wa ku Scotland, William Gordon Stables, anapangitsa ngolo yokokedwa ndi mahatchi yongoyendera pokasangalala, naitcha The Wanderer. Bungwe la Caravan Club linakhazikitsidwa ku Britain mu 1907, ndipo mu 1919 kampani ya Eccles ya ku Birmingham inayamba kupanga makalavani okokedwa ndi galimoto. Koma kalavani yotere imalira msewu, ndipo Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, inalibe msewu woti n'kutchula. Chaplin Court Treatt ndi mkazi wake Stella ananyamuka ku Cape Town mu Sepitembala 1924 pa magalimoto awiri a Crossley, n'kukafika ku Cairo mu Januwale 1926, atataya miyezi yambiri m'matope a ku Rhodesia. Zinthu zinasintha ndi milatho imene inamangidwa ndi ndalama za Beit Trust: wa Luangwa m'zaka za m'ma 1930, wa Chirundu mu 1939 ndi wa Kafue mu 1949. Likulu la dziko litasamutsidwa kuchoka ku Livingstone mu 1935, Lusaka anakhala mphambano ya misewu ya kumpoto, kummwera, kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo ambiri odutsa m'dzikoli pa galimoto ankapondamo Cairo Road.

Nyengo ya kalavani ya tchuthi inali ya pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mkuwa unakwera mtengo, ndipo azungu m'dzikoli anachuluka kuchoka pa 37,000 mu 1951 mpaka kupitirira 70,000 mu 1961. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira mu 1953 mpaka mu 1963, chinachotsa zovuta zambiri za m'malire pakati pa mayiko atatuwo. Ku South Africa banja la a Jurgens lochokera ku Netherlands linayamba kupanga makalavani mu 1952, kenaka kunabwera a Sprite ndi a Gypsey, ndipo Volkswagen Kombi yokhala ndi bedi m'kati inatchuka pakati pa achinyamata. Wogwira ntchito m'boma kapena ku migodi akalandira tchuthi chachitali ankamangirira kalavani kumbuyo n'kulowera ku mathithi a Victoria, ku nyanja yatsopano ya Kariba, ku Salima, ku Beira, ngakhale ku Durban. Kutsidya kwa Zambezi misewu yambiri inali ya timizere tiwiri ta phula, kamodzi ka tayala la kumanja, kena ka la kumanzere. Magalimoto akakumana, aliyense ankasiyira mnzake kamzere kamodzi n'kutsitsira matayala enawo m'fumbi, ndipo makalavani ambiri ankathyoka masipuling'i pamenepo.

Ulendo wa makalavani waukulu kwambiri umene unadutsa m'dzikoli unali wa anthu a ku America. Mu Julayi 1959 Wally Byam, mwini kampani ya Airstream, ananyamuka ku Cape Town ndi makalavani 41 onyezimira a aluminiyamu ndi anthu opitirira 100. Anadzera ku Rhodesia ziwirizo n'kulowa mu Congo ya Abelijiyamu, ndipo amene anapirira anakafika ku Cairo mu Febuluwale 1960. Cholinga chinali malonda: kuonetsa kuti ngolo zake zikhoza kufika kulikonse.

Ufulu wopita kulikonsewo sunali wa aliyense, ndipo mapu a Lusaka amachitira umboni. Mzinda watsopano, umene maganizo ake oyamba anachokera kwa katswiri wa ku London, Stanley Adshead, mu 1931, unakonzedwa kuti ukhale wa minda ndi mitengo. Kumtunda kwa kum'mawa, kumene kunadzakula Woodlands ndi Kabulonga, mapuloti anali aakulu, okhala ndi galaja, nyumba ya wantchito kuseri, ndi bwalo lokwanira kutembenuzirapo galimoto ndi ngolo yake. Ku Kabwata kunamangidwa tinyumba tozungulira ta chipinda chimodzi, tofolera ndi udzu, ta amuna obwera kudzagwira ntchito popanda mabanja awo. Tambiri tinagwetsedwa, koma 43 tinasungidwa ndipo kuyambira mu 1974 ndito Kabwata Cultural Village ya pa Burma Road. Lamulo la 1948 la nyumba za anthu akuda m'matauni linatsegula njira ya Matero ndi Chilenje yatsopano, komabe nyumba inkayendera ntchito: ntchito ikatha, makiyi ankabwezedwa. Munthu wakuda ankayenda ndi chitupa, ndipo akapezeka m'tauni popanda chilolezo ankatha kumangidwa kapena kubwezedwa kwawo. Wopita ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ankakwera lole kapena basi ya Thatcher and Hobson, mphasa ndi bulangete zili pamutu, n'kugona pabwalo ku Rufunsa kapena ku Kacholola. Choncho mumzinda umodzimodzi munali munthu woyenda ndi nyumba yake pongofuna kusangalala, ndi wina amene analibe ufulu wa nyumba ngakhale wa ulendo. N'chifukwa chake zitupa zinali zina mwa zinthu zimene anthu anatentha pa zipolowe za Cha Cha Cha mu 1961.

Ufulu wa dziko unabwera pa 24 Okutobala 1964, koma Azambia amene analowa m'nyumba za ku Woodlands ndi ku Kabulonga sanalandire nawo mwambo wa kalavani, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Tchuthi cha munthu wa ku Lusaka chinali chopita kumudzi, kumene nyumba ndi nsima zinkamudikira. Kufika kwa makolo n'kukagona m'ngolo yakeyake kukanaoneka kunyada. Komanso nthawi inali yoipa. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia mwaupandu pa 11 Novembala 1965, mafuta anasowa, petulo ankagulidwa ndi makuponi, ndipo migolo inkabwera kuchokera ku Dar es Salaam pa msewu woopsa umene madalaivala anautcha Hell Run, mpaka paipi ya TAZAMA itafika ku Ndola mu 1968. Mu Januwale 1973 malire a Rhodesia anatsekedwa. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo tayala ngakhale batire zinakhala zinthu zosakasaka. Azungu ochoka m'dzikoli ankagulitsa makalavani awo motchipa kapena kungowasiya kuseri kwa nyumba.

Apa ndi pamene kalavani inapeza ntchito yeniyeni. Dziko latsopano linkamanga misewu, milatho ndi masukulu kutali ndi matauni, ndipo omangawo ankafunika pogona. Mlatho wachiwiri wa Luangwa unatsegulidwa mu 1968, phula linkafalikira pa Great East Road ndi pa Great North Road, ndipo pamsasa wa makontirakitala kalavani inali ofesi ya injiniya masana, chipinda chake usiku. Oyeza malo, ofufuza miyala, okumba zitsime ndi alimi otsegula mafamu atsopano ankachita chimodzimodzi. Apolisi anaiika pa marodibuloko kuti azibisalamo mvula. Azaumoyo ndi amishoni anaisandutsa kachipatala koyendayenda.

Moyo wake wachitatu unayambira m'mipanda ya mumzinda. Anthu ankachulukirachulukira, nyumba zosakwanira. Boma la Frederick Chiluba litalamula mu 1996 kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo, munthu wa ku Kabwata, ku Chilenje kapena ku Chelstone anakhala mwini bwalo, ndipo kachigawo kalikonse ka bwalolo kanayamba kuonedwa ngati ndalama. Kalavani yakale yoikidwa m'bwalo lotere imadziwika msanga. Imakhala pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa n'kung'ambika, njerwa zitaikidwa pansi pa ngodya zinayi, zenera limodzi litatsekedwa ndi katoni, waya wa magetsi utachokera m'nyumba yaikulu kudzera pawindo la kukhitchini. Muli mlonda, kapena mphwake wa mwini nyumba amene akuphunzira ku koleji, kapena telala ndi makina ake. Ina imadulidwa m'mbali kuti pakhale zenera logulitsirapo, n'kukhala kantemba. Kontena itabwera inalanda ntchito zambiri zoterezi chifukwa ndi yolimba kwa akuba, koma owotcherera a m'makomboni anaphunzira kupanga ngolo zawozawo zogulitsiramo chakudya, ndipo zimenezi ndizo zachuluka lero.

Zaka za m'ma 1990 zinatsegulanso misewu. Malamulo a ndalama zakunja anamasulidwa, kampani ya mabasi ya boma ya UBZ inathetsedwa mu 1995, ndipo magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan anasefukira kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Tsankho litatha ku South Africa mu 1994, anthu a kumeneko anayamba kubwera ndi ngolo zolimba za m'tchire, ndipo malole aakulu onyamula alendo pakati pa Nairobi ndi Cape Town anapanga Lusaka kukhala pogonera. Malo awiri anadziwika kwambiri: Eureka, pa Kafue Road makilomita pafupifupi 10 kummwera kwa tauni, ndi Pioneer, kum'mawa kupitirira Chelstone. Pakati pa mzinda malo otero ndi osowa, ndipo mlendo nthawi zambiri amangolowamo kudzagula chakudya, gasi ndi zipangizo za galimoto.

Kuchuluka kwa magalimoto kunakakamiza boma kukonzanso malamulo. Lamulo lakale la Roads and Road Traffic Act, lochokera m'nthawi ya atsamunda, linalowedwa m'malo ndi malamulo atatu a mu 2002. Road Traffic Act inakhazikitsa bungwe la RTSA loona za kalembera, malaisensi ndi chitetezo cha pamsewu. Public Roads Act inakhazikitsa RDA yomanga ndi kusamala misewu. Lachitatu linakhazikitsa thumba la ndalama za misewu. Kwa mwini kalavani, mfundo yaikulu ndi yakuti ngolo ndi galimoto payokha. Imalembetsedwa payokha, imakhala ndi nambala yake ndi chikalata chake cha kalembera chotchedwa White Book, imalipiridwa msonkho wa pamsewu, ndipo imayesedwa fitinesi monga zimachitikira ku Mimosa, ku Chilanga. Nambala ya galimoto yokoka siiphimba ngolo. Amene wasandutsa minibasi ya Hiace kapena ya Rosa kukhala galimoto yogonamo, pochotsa mipando n'kuikamo bedi ndi sitovu, ayenera kukadziwitsa RTSA kuti mapepala agwirizane ndi chimene wapolisi akuona ndi maso, ndipo a inshuwalansi nawonso auzidwe.

Pogula kalavani yakale, mapepala ndiwo oyamba kuonedwa, mipando ndi makatani pambuyo. Nambala yodindidwa pa chitsulo chokokera ifanane ndi ya mu White Book, dzina la wogulitsa lifanane ndi la pa chiphaso chake cha NRC, ndipo pakhale kalata yogulitsirana yosainidwa pamaso pa mboni. Msampha wodziwika ndi wa kalavani kapena galimoto yogonamo imene inalowa m'dziko ndi mlendo pa chilolezo cha kanthawi. Mlendoyo akatopa ndi ulendo amaigulitsa motchipa n'kukwera ndege, koma msonkho wolowetsera katundu sunalipidwe. Bungwe la ZRA, limene lakhala likutolera misonkho kuyambira mu 1994, lili ndi mphamvu yolanda katundu wotere, ndipo wogula ndiye amatsala akulira. Safunsa anadya phula: kufunsa ku ZRA ndi ku RTSA ndalama isanatuluke m'thumba kumangodya tsiku limodzi.

Laisensi yoyendetsera imatsata magulu amene mayiko a SADC anagwirizana pambuyo pa pangano la za mtengatenga la mu 1996. Gulu B ndi la galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 itanyamula, pamodzi ndi kangolo kosapitirira makilogalamu 750. Kalavani ya banja kawirikawiri imalemera kuposa pamenepo, motero imafuna gulu BE. Galimoto yogonamo yaikulu yopitirira makilogalamu 3,500 imalowa m'gulu C1. Kulemera kumene kumawerengedwa ndi kolembedwa pa kachitsulo ka wopanga, osati kumene mwiniwake akuganiza. Ambiri amanyozera zimenezi poti palibe wawafunsa pamsewu, koma ngozi ikachitika kampani ya inshuwalansi imayamba n'kuona laisensi, ndipo ikapeza kuti gulu silikugwirizana ikhoza kukana kulipira.

Pa rodibuloko wapolisi amayang'ana zinthu zooneka. Pafunika matirayango awiri ochenjezera, timizere tonyezimira toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo, ndipo pa ngolo pafunika chilembo cha T, choyera kutsogolo ndi chofiira kumbuyo, cha kudzanja lamanja. Magetsi a mabuleki ndi okhotera a pa ngolo ayenera kuyaka limodzi ndi a galimoto. Pulagi yolumikizira ndiyo imavuta kawirikawiri chifukwa cha fumbi ndi dzimbiri, ndipo kuiyesa m'mawa uliwonse wina ataima kumbuyo ndi mwambo wa oyenda odziwa. Chozimitsira moto chisasowe. Inshuwalansi yoteteza anthu ena ndi yokakamiza, ndipo ngolo ilembedwe pa pepalalo ndi nambala yake.

Wotuluka m'dziko amapindula ndi chinthu chimene chimayendetsedwa mu Lusaka momwemo. Pangano la malonda la PTA linasainidwa mumzindawu mu Disembala 1981, linasanduka COMESA mu 1994, ndipo likulu lake lili pa Ben Bella Road. Yellow Card ya bungweli, imene inayamba kugwira ntchito mu 1987, ndi inshuwalansi imodzi yovomerezeka m'mayiko angapo, kuphatikizapo Malawi, Zimbabwe, Tanzania ndi Kenya, ndipo imagulidwa ku kampani ya inshuwalansi yomwe munthu ali nayo kale. Pafunikanso chikalata cha apolisi a Interpol chotsimikiza kuti galimoto ndi ngolo si zakuba, ndi kalata ya chilolezo ngati zili m'dzina la munthu wina kapena la banki. Mlendo wolowa amabwera ndi Carnet de Passages kapena amatenga chilolezo cha kanthawi pachipata, amalipira msonkho wa utsi umene unayamba mu 2006, ndalama ya msewu, ndiponso kamsonkho ka khonsolo ya m'deralo. Zipata zasintha kwambiri: Chirundu inakhala ya ofesi imodzi ya mayiko awiri mu Disembala 2009, mlatho wa Kazungula unalowa m'malo mwa pantoni mu Meyi 2021, ndipo Mwami ndi Mchinji zinaphatikizidwa mu Disembala 2022. M'kati mwa dziko, lamulo la Tolls Act la mu 2011 linabala zipata zolipirirapo, ndipo kuyambira mu 2017 zinazinga Lusaka: Katuba kumpoto, Shimabala kummwera, Chongwe kum'mawa, ndi china pa msewu wa ku Mumbwa. Malisiti onse asungidwe mpaka ulendo utatha.

Luso lokoka ngolo silinalembedwe m'lamulo lililonse. Katundu wolemera aikidwe pansi, pamwamba pa ekiselo kapena patsogolo pake pang'ono, kuti mutu wa ngolo uzitsamira pa mpira wokokera ndi makilogalamu apakati pa 50 ndi 100 pa kalavani wamba. Katundu akaunjikidwa kumbuyo, kalavani imayamba kupukusa mchira lole yaikulu ikangoidutsa, ndipo woyendetsa akaponda mabuleki mwamantha kapena kulimbana ndi chiwongolero, zonse ziwiri zimagubuduzika. Chofunika ndi kuchotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, chiwongolero chili chilili. Madzi amalemera kilogalamu imodzi pa lita, choncho thanki yodzaza ndi katundu ndithu. Munthu asakwere m'kalavani ikuyenda. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo wopita kum'mawa kapena kummwera ayenera kutsika: Manenekera pa msewu wa ku Chipata, Kapiringozi pa wa ku Chirundu, mapiri a Munali pa wa ku Mazabuka. Pamalo amenewa giya yaing'ono imalowetsedwa kutsetsereka kusanayambe, chifukwa mabuleki akapsa sabwerera msanga. Mumzinda momwemo, wokoka ngolo amachita bwino kutsata malole pa Lumumba Road m'malo molimbana ndi maminibasi pakati pa Kafue Roundabout ndi Kabwe Roundabout. Milatho yodutsa pamwamba ya ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres yachepetsa vuto, koma pakati pa tauni palibe poimika ngolo.

Adani a kalavani yongokhala ndi mvula, dzuwa ndi chiswe. Makalavani akale ali ndi mafelemu a matabwa pansi pa aluminiyamu. Mvula ya Novembala mpaka Epulo imalowera pa mazenera ndi pa msoko wa denga, ndipo matabwa amawola kunja kukuoneka bwinobwino. Wogula anunkhize m'makabati, ayang'ane madontho akuda m'ngodya za mazenera, ndipo aponde pansi pafupi ndi chitseko: pakafewa, ntchito yake ndi yaikulu. Chiswe chimakwera kudzera pa miyendo yochirikizira ndi pa udzu wokhudza pansi pa ngolo. Matayala a kalavani amafa ndi ukalamba mapanga ake asanathe. Manambala anayi omalizira pambali pa tayala amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi silodalirika pa phula lotentha la Okutobala. Mabering'i apakidwe girisi ulendo wautali usanayambe.

Choopsa kuposa zonse ndi mbaula. M'kuzizira kwa Juni ndi Julayi, mlonda kapena wophunzira wogona m'kalavani amalowetsa mbaula n'kutseka mazenera. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, ndipo m'kachipinda kakang'ono choncho munthu amagona osadzukanso. Mwini bwalo amene wagoneka munthu m'kalavani ali ndi udindo womuchenjeza ndi womupatsa mabulangete okwanira. Silinda ya gasi ikhale m'kabokosi kake ka kunja kokhala ndi tiziboo pansi, itsekedwe poyenda ndi pogona, ndipo paipi yake isinthidwe ikayamba ming'alu. Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba, kunadzaza masitolo a mumzinda ndi masola ndi mabatire, motero zipangizo zimene kale zinkaitanitsidwa kunja tsopano zimapezeka ku Kamwala ndi m'tauni.

Kalavani ikaima, nkhani imachoka m'manja mwa RTSA n'kupita ku khonsolo ya mzinda, ku Civic Centre. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la mu 2015, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act yakale, limafuna chilolezo cha khonsolo munthu asanamange kapena kusintha ntchito ya puloti. Kusunga kalavani m'bwalo la mwiniwake ndi kuimika galimoto chabe. Koma kuilumikiza ku madzi ndi ku suweji, kuiika pa lendi, kapena kuisandutsa sitolo pa puloti ya nyumba yogona, n'kulowa m'dera la lamuloli, ndipo nzeru ndi kufunsa khonsolo isanabwere yokha. Wochita lendi afunsenso mwini nyumba, makamaka mwa kalata. Ngolo yogulitsiramo chakudya imafuna chilolezo cha malonda, cha zaumoyo, cha ozimitsa moto, ndi zikalata za kuchipatala za ophika. Food Safety Act ya mu 2019 inalimbitsa mbali imeneyi. Mphepete mwa msewu ndi malo a msewu, si a munthu, ndipo ngolo yoikidwa pamenepo popanda chilolezo ikhoza kukokedwa tsiku lililonse.

Kulimba kwa malamulowa kuli ndi chifukwa chake. Mzindawu wakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi mapanga ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Chotayidwa m'ngalande lero chimakafika m'chitsime cha wina. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2017 inachititsa kuti asilikali achotse ogulitsa m'misewu ya pakati pa tauni, ndipo malamulo a malonda a m'misewu anakhwimitsidwa mu 2018. Matendawa anabweranso mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la masewera la Heroes linasanduka chipatala. Zonyansa za m'kachimbudzi ka kalavani zitayidwe m'chimbudzi cholumikizidwa ku suweji kapena ku sepitiki, ndipo madzi otsukira mbale asathiridwe m'ngalande ya mvula. Pa mfundo imeneyi mlendo wa galimoto yodula ndi mayi wogulitsa tchipisi ali ndi udindo wofanana.

Funso lotsala ndi la kogona. Malo onse m'dzikoli ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, monga mwa Lands Act ya mu 1995, ndipo amagawidwa pawiri: a boma ndi a mafumu. Tchire looneka lopanda mwini lili ndi mwini. Kum'mawa kwa Lusaka ndi dziko la Asoli la Mfumu Nkomeshya, ndipo woyenda amene dzuwa lamulowera amayamba wakaonekera kwa nyakwawa, kupereka moni ndi kunena za ulendo wake. Kawirikawiri amapatsidwa malo pafupi ndi sukulu kapena tchalitchi, ndipo kangachepe kothokozera n'koyenera. M'nkhalango zotetezedwa monga Kafue ndi South Luangwa, zimene kuyambira mu 2016 zili pansi pa dipatimenti ya boma yoona za nyama zakutchire, munthu amagona pamalo ovomerezeka okha. Mumzinda, kugona m'mbali mwa msewu n'kudziika m'manja mwa akuba, ndipo kugona pa filing'i sitesheni kumafuna chilolezo cha eni ake.

Lero ngolo zambiri zokhala ndi denga ndi sitovu zoyenda m'misewu ya Lusaka si za alendo koma za Azambia ofuna chakudya cha ana awo, ndipo zambiri zimapangidwa ndi owotcherera a mumzinda momwemo. Malamulo okhudza ngolozi amwazikana pakati pa RTSA, ZRA, apolisi ndi khonsolo, ndipo mwini ngolo amawadziwa limodzilimodzi, nthawi zambiri atagwidwa kale. Khonsolo ya Lusaka ndi RTSA zikanachita bwino kuwasonkhanitsa m'kabuku kamodzi ka m'Chinyanja ndi m'Chingelezi, n'kupatula malo ovomerezeka okhala ndi madzi ndi chimbudzi pamene ngolo zogulitsiramo ndi zogonamo zingaime popanda mantha.